ZA M'NYUMBA MWATHU: MASOKOSI A MWANA WAKHANDA



Mwezi wa June wafika, ndipo pamodzi nao yafika mphepo ya cisanu. Ku Dedza, ku Bembeke, ku Ncheu ndi m'mapiri a Zomba ndi Mulanje, munthu wamkulu yemwe adzuka m'mawa zala zili gwa, ndipo ciperoni cikadza ndi nkhungu yace dzuwa likhoza kubisala masiku atatu kapena anai. Wamkulu akamva mphepo asendera ku moto, kapena atenga khasu nalima kufikira thukuta lituluka. Mwana wakhanda sakhoza kucita zimenezi, ngakhale kunjenjemera kumene kumatenthetsa thupi la wamkulu iye sanakudziwe bwino. Khungu lace nlopyapyala, mafuta a m'thupi mwace ngocepa, ndipo kutentha kumthawa msanga monga kuthawa m'kamphika kakang'ono kamene mwakaphula pa moto, pamene mphika waukulu ukali wofunda.

Anamwino akaika coyesera m'khwapa mwa khanda afuna kuona madigiri a pakati pa 36.5 ndi 37.5. Akatsika kupitirira apo, mwanayo ayamba kutentha cakudya cace conse kuti afunde, ndipo cosiyira kukula sicitsala. Afoka, aleka kuyamwa. Poleka kuyamwa azizira koposa. Ndipo makanda ambiri, makamaka obadwa masiku asanakwane ndi osafika makilogramu awiri ndi theka, amwalira mwa njira imeneyi, anthu namanena kuti kwadza mfiti, cikhalirecho kwadza mphepo yokha.

Tisananene za ulusi ndi singano, tiike zinthu m'malo mwace. Copfunda coyamba ca khanda ndico cifuwa ca mai wace. M'caka ca 1978, mu mzinda wa Bogotá ku Colombia, dotolo wina dzina lace Edgar Rey, poona kuti makina ofunditsira ana anali ocepa, anayamba kuika tiana tosakwana masiku pakati pa mabere a amai ao, khungu kukhudza khungu, atamangidwa ndi nsaru usana ndi usiku. Njirayi anaicha dzina la kangaroo, nyama ya ku Australia yosunga mwana m'thumba la pamimba pace. Kuno kwathu inayamba pa cipatala cacikulu ca Zomba m'caka ca 1999, ndipo m'caka ca 2022 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse lapansi, linalangiza kuti mwana wocepa thupi aikidwe pa cifuwa pomwepo atangobadwa. Tsono taonani cimene mwana wotere abvala: thewera, cipewa, ndi masokosi, basi. Cifuwa ca mai cifunditsa mimba ndi cifuwa ca mwana. Mutu ndi mapazi ndizo zitsala kutali ndi moto umenewo. Mwa ziwirizi cipewa ndico cacikulu, pakuti mutu wa khanda ngwaukulu poyerekeza ndi thupi lace. Koma mapazi ndiwo aiwalika kawiri kawiri. Yang'anani amai pa njira ya ku Misa ya m'mawa: mwana ali kumbuyo, nsaru ziwiri zamkuta bwino, koma timapazi tili lende kunja, uku ndi uku, m'mame ndi m'mphepo.

Njira yodziwira ndi iyi. Ikani kumbuyo kwa dzanja lanu pa mimba ya mwana, kenaka pa mapazi ace. Zonse zikafunda, ali bwino. Mimba ikafunda koma mapazi ali zii, mphepo yayamba kumlowa: muikeni pa cifuwa canu, mumuyamwitse, mumbveke. Koma mimba yomwe ikazizira, ndipo mwana akana bere, musayembekezere kuti kuce. Mumange pa cifuwa canu ndi kupita naye ku cipatala.

Tsono za ulusi. Ulusi umene mungaupeze uli wa mitundu itatu: wa thonje, wa ubweya wa nkhosa, ndi wopangidwa m'mafakitale kucokera ku mafuta a pansi pa nthaka, umene pa cikalata cace alemba acrylic, nylon kapena polyester. Mipukutu yambiri yowala maanga imene igulitsidwa m'masitoro ndi dzina la ubweya ili ya mtundu wacitatuwu, ndipo nkhosa siinaiwonepo. Wogulitsa sanama dala. Iyenso anangomva dzinalo. Koma moto sunama. Dulani kacidutswa kotalika ngati cala, mukagwire ndi timitengo tiwiri, mukayatse panja kutali ndi ana. Thonje lipsya msanga ngati pepala, linunkha ngati pepala, nilisiya phulusa lofewa lotuwa. Ubweya weni weni unyinyirika kupsya, ununkha ngati nthenga za nkhuku powaula, uzima wokha, nusiya kakhala kakuda kamene kaphwanyika pakati pa zala. Ulusi wa m'fakitale usungunuka, udontha, nuuma kukhala kamkanda kolimba kosaphwanyika.

Apa pali cifukwa cacikulu cimene ife a m'midzi tiyenera kucenjera nao ulusi wacitatuwo. Masiku a cisanu banja lonse likhala mozungulira moto, ndi mwana ali pa miyendo ya mai kapena ya mlongo wace wamng'ono. Kamoto kakathethekera pa sokosi la ubweya kazima. Kakagwera pa sokosi la acrylic, ulusi usungunuka numatirira pa khungu. Ndiponso ulusi umenewu sumwa thukuta, kotero kuti phazi likhala lonyowa m'kati. Sitinena kuti mwana akhale wosabvala cifukwa m'nyumba muli ulusi wa acrylic wokha, iai. Sokosi lotere liposa phazi lamaliseche pa mphepo. Koma pamene pali posankha, ubweya ndiwo upambana pa cisanu, pakuti ukhoza kumwa cinyezi cambiri osamveka kunyowa, nukhalabe wofunda. Thonje nlofewa, silibaya khungu, licapika ndi madzi otentha, koma likanyowa lizizira, ndipo liyenera kusinthidwa msanga. Ubweya wina ngwaukali pa khungu. Muuyese pa khosi panu kapena m'kati mwa mkono. Ukakuyabwani inu, udzamliza mwana, ndipo ubweya wotere muuluke waukulupo kuti ukhale pamwamba pa kasokosi ka thonje.

Masiku ano m'masitoro a m'mizinda, ndi pa zobvala zina za pa kaunjika, muona mau a Cingelezi akuti "organic cotton", ndipo amai ena afunsa ngati mwana wobvala thonje wamba alikudyetsedwa ululu. Tanthauzo la mauwo ndi ili: thonjelo linalimidwa popanda feteleza wa m'matumba, popanda mankhwala opopera opangidwa m'mafakitale, ndiponso popanda mbeu yosinthidwa cibadwa cace, monga thonje la Bt limene alimi a m'Malawi anayamba kubzala m'caka ca 2019. Mlimi wotere athira manyowa, asinthanitsa thonje ndi mbeu za nyemba, abzala mpendadzuwa m'mbali kuti mbozi zithamangire kumeneko, napopera madzi a nimu. Munda uyenera kukhala zaka ziwiri kapena zitatu wosalawa mankhwala aja usanabvomerezedwe, ndipo oyendera adza caka ndi caka kudzaona ngati lamulo lasungidwa. Thonje lotere nlocepa ndithu poyerekeza ndi thonje la dziko lonse lapansi. Lambiri licokera ku India, ndipo kuno ku Africa anansi athu a ku Tanzania ali m'gulu la olima lambiri. Cizindikiro codziwika ndico ca malemba anai akuti GOTS, cimene cinayamba kugwira nchito m'caka ca 2006. Cobvala cokhala naco, cikalembedwa "organic", ciyenera kukhala ndi magawo 95 pa 100 a ulusi wotere. Ndipo lamulo lace liletsanso utoto woipa ndi mankhwala ena amene athira pa nsaru m'fakitale.

Kodi tsono phindu lace ligwera yani? Tinene zoona. Ligwera coyamba mlimi wa ku Nsanje, ku Balaka kapena ku Salima amene asenza mpope kumbuyo, wopanda cochinga pakamwa ndi m'manja, mankhwala namdonthera pa msana. Ligwera mkazi wace wocapa malaya amenewo, ligwera njuci, ndi mtsinje umene atsukiramo mpope. Cimeneco si cinthu cacing'ono kwa Mkristu, pakuti mlimiyo ndiye mbale wathu. Koma pa phazi la mwana, mankhwala a kumunda atsala ocepa kwambiri thonje likapyola m'makina ocotsa njere, m'madzi otsukira ndi m'makina opota. Cimene cifika pa khungu kweni kweni ndico cothiridwa pambuyo: utoto, ndi mankhwala oumitsa nsaru kuti ioneke yosalala m'sitoro. Cifukwa cace tinena kuti: muli nazo ndalama ndipo cizindikiro ncoona, gulani, mwacita bwino. Mulibe, musagulitse nkhuku kapena cimanga ca ana cifukwa ca liu limodzi la Cingelezi, limene munthu ali yense akhoza kulidinda pa pepala. Sankhani ulusi woyera kapena wotuwa wosanyikidwa mu utoto wambiri, ndipo muucape kawiri ndi sopo wamba wosanunkhira mwana asanaubvale. Ulusi umene ucucutsa utoto m'madzi ocapira ngakhale kacitatu, muupangire cina, osati cobvala ca khanda.

Makolo athu analidziwa thonje lopanda mankhwala kale lomwe dzina la Cingelezilo lisanabadwe. David Livingstone poyenda m'cigwa ca Shire m'caka ca 1859 anapeza Amang'anja alikulima thonje, kulipota ndi kuomba nsaru m'midzi mwao, ndipo kunali mitundu iwiri: thonje manga locokera kunja, ndi thonje kaja la kuno, la ulusi waufupi lomveka ngati ubweya m'manja. Amuna ndiwo anali kukhala pa bwalo ndi kamtengo kopotera kochedwa njinga, dzina lomwe lero tichulira cokwera ca magudumu awiri. Ngati m'mudzi mwanu mukali nkhalamba yodziwa kupota, pitani nayo nkhuku mukaphunzire isanapite ndi luso lace kumanda. Mitengo yocepa ya thonje kuseri kwa nyumba, yothiridwa manyowa a khola, ikwanira masokosi a ana onse a pa banja. Koma mukakolola muzule mapesi ndi kuwatentha monga anena alangizi, kuti mbozi zisagonere m'menemo ndi kukaononga minda ya anzanu. Ndipo njere zogula zopakidwa mankhwala a maanga zisafike m'manja mwa ana.

Njira yapafupi yopezera ubweya weni weni ili pa kaunjika. Funani juzi lakale la ubweya, ngakhale lobooka pa cigongono, pakuti lotere mtengo wace ugwa. Tembenuzani muone msoko: ngati m'mbali mwace munadulidwa ndi kusokedwa ndi makina, lisiyeni, lidzakupatsani tizidutswa tokha tokha, koma ngati mbali zace zinalukidwa zathunthu ndi kulumikizidwa, sulani msokowo, muyambe kumasula kucokera ku khosi kutsikira pansi. Kulungani ulusiwo pa msana wa mpando, muumange pana pana, muubviike m'madzi ofunda pang'ono a sopo, ndipo muupacike pa mthunzi ndi kamwala komangirira pansi kuti makwinya aongoke. Juzi limodzi la munthu wamkulu lipatsa masokosi ndi zipewa za makanda angapo.

Singano zolukira musadandaule nazo. Nsungwi youma yosemedwa bwino, yotalika ngati cikhato ndi theka, yonenepa ngati msomali wa mainci anai, yopalidwa ndi galasi losweka kufikira itasalala, igwira nchito monga ya m'sitoro. Ena aluka ndi masipoko a njinga, koma awa ngoonda, ndipo afuna ulusi woonda ndi maso ambiri.

Sokosi limene tiphunzitsa pano ndi lopanda cidendene, longa kathumba, lolukidwa ndi singano ziwiri. Akatswiri adzaliseka, koma nlabwino pa zifukwa ziwiri: wophunzira alitha tsiku limodzi, ndipo likula pamodzi ndi mwana, pakuti phazi lidzipangira lokha pokhala cidendene. Phazi la mwana wobadwa masiku atakwana litalika monga masentimita 8, ndipo pofika caka cimodzi lifika 11 kapena 12. Ndi ulusi wa pakati, wosanenepa ndi wosaonda, kolekani maso 24 pa singano. Mwana wocepa thupi mumkolekere maso 20, wa miyezi isanu ndi umodzi 28. Kolekani momasuka, pakuti mzere woyambawu ndiwo udzakhala pakamwa pa sokosi, ndipo ukalimba udzaluma mwendo. Tsono lukani maso awiri polowetsa singano ca kutsogolo, awiri ca kumbuyo, awiri ca kutsogolo, awiri ca kumbuyo, kufikira mzere utatha. Tembenuzani, mucite cimodzi modzi. Malukidwe amenewa apanga timizere tonga ta mizere ya m'munda, ndipo ndito tigwira mwendo popanda mphira kapena cingwe. Pitirirani kufikira colukaco citatalika masentimita 13, ndiko kuti phazi ndi kamwendo pamodzi. Pamenepo lukani maso awiri awiri pamodzi mzere wonse, atsale 12. Mzere wotsatira muuluke wonse ca kumbuyo. Kenaka awiri awiri pamodzi kaciwiri, atsale 6. Dulani ulusi mutasiya wotalika ngati mkono, muupyoze m'maso otsalawo ndi singano yosokera, mukoke kuti atseke ngati pakamwa pa thumba, ndipo ndi ulusi womwewo sokani mbali ziwirizo kufikira pamwamba. Msoko ukhale wosalala, ndipo mphundu yace ikhale kunja, osati ku khungu. Mau a pa pepala satha kuonetsa m'mene singano ilowera. Khalani pambali pa mai wodziwa madzulo amodzi, manja anu adzagwira. Sokosi loyamba lidzapotoka. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo maso a ulusi ali cimodzi modzi. Lukani mapeyala atatu kapena anai, kuti lina likanyowa lina likhale louma.

Tsono mverani bwino cinthu ici, inu agogo ndi alezi omwe. M'kati mwa sokosi musatsale ulusi wolendewera ngakhale umodzi. Kaulusi, kapena tsitsi limodzi la mai logwera m'sokosi, likhoza kudzikulunga pa kacala ka mwana pamene apalasa miyendo, nililimba, nilitseka njira ya mwazi. Cala citupa, cifiira, kenaka cida, ndipo tsitsilo limira m'mnofu osaonekanso. Ana ena ataya cala cifukwa ca ici. Mwana akalira kosatonthozeka, atayamwa, thewera lili louma, mubvuleni masokosi muwerenge zala zace cimodzi cimodzi pa kuwala. Mukapeza ulusi wosamasuka ndi manja, kapena cala catupa kale, musacekepo ndi lumo. Thamangani ku cipatala tsiku lomwelo. Ndipo nthawi zonse musanambveke, tembenuzani sokosi muone m'kati.

Pakamwa pa sokosi palowe cala canu cacing'ono mosabvuta. Mukabvula ndi kuona mzere wofiira pa mwendo, sokosilo lacepa. Lipite kwa khanda lina. Mikanda, mabatani ndi timipira ta ulusi tokometsera musaikepo, cifukwa mwana wa miyezi isanu aika phazi m'kamwa, ndipo kanthu kothothoka kakhoza kumtsamwa. Pa October ndi November, makamaka ku cigwa ndi ku nyanja, mwana wathanzi safuna masokosi usana, ndipo mukapeza khosi lace lili thukuta, mwambveka zambiri. Mwana woyamba kuimirira ayende ndi mapazi ace pa mphasa, pakuti sokosi literera pa simenti. Ndipo musayese kufunditsa khanda ndi mbaula ya makala m'cipinda cotseka: mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma upha banja lonse lili m'tulo.

Pocapa, thonje lipirira madzi otentha ndi kufikisa. Ubweya ai: madzi otentha ndi kufikisa ziuphatikiza, sokosi nilifinyika kukhala lolimba ngati cikopa. Muufinye pang'ono pang'ono m'madzi ofunda ngati mkaka wa m'bere, mutsukuluze kufikira sopo atatha, ndipo musaupotokole. Zobvala za mwana muziyanike pa cingwe, osati pa udzu kapena pa dothi, pakuti pali nchenche ina imene iikira mazira pa nthaka ndi pa nsaru zonyowa, makamaka zonunkha mkodzo, ndipo mphutsi zace zilowa m'khungu ndi kupanga zithupsa. Simbi yotentha ipha mazirawo. Za thonje muzisite mbali zonse ziwiri; pa za ubweya yalani kansaru konyowa pamwamba, ndipo mungosindikiza simbi osaikoka.

Tidziwa kuti alipo amai amene aopa kukonzeratu kanthu mwana asanabadwe, poyesa kuti kutero ndiko kuitana tsoka. Mantha amenewa ngwacabe, ndipo ndiwo asiya khanda lamaliseche pa ora limene lifuna cobvala koposa maora onse a moyo wace, ndilo ora loyamba, likali lonyowa. Maria Woyera anabala ali pa ulendo, m'khola la ku Betelehemu, koma Mthenga Wabwino wa Luka utiuza kuti nsaru zokulungira Mwana zinalipo. Ngati mai woyembekezera acita manyazi, alukire mlamu wace, kapena amene adzakhala mai wa ubatizo, ndipo abambo asayese nchitoyi ya akazi okha: kusema singano ndi kupeza ulusi nkwao, monga kupota kunali kwa makolo ao. Cipewa ndi masokosi zikhale m'thumba lopita nalo ku cipatala kuyambira mwezi wacisanu ndi ciwiri, pakuti mwana wofuna zimenezi koposa ndiye amene adza msanga osayembekezeka.

Pa 26 July Eklezia akumbukira Anna Woyera ndi Yoakimu Woyera, makolo a Amai Maria. Tipempha kuti pofika tsikulo mai ali yense wodziwa kuluka akhale ataphunzitsa mtsikana mmodzi, ndi kuti mudzi uli wonse ubweretse ku Misa mapeyala amene atsala, ocapa ndi osita, makamaka aja a maso 20, kuti anamwino akawapereke kwa ana ocepa thupi amene amai ao anadza opanda kanthu. Mwezi wa mawa, Mulungu akalola, tidzanena za cipewa, cimene cilukidwa ndi malukidwe omwewa. Cotero ulusi wotsala musautaye.